Ndamutsitsa Mwana pa Njanji

Amayi, kodi mwadzuka bwanji kumeneko? Ndikhulupirira nyamakazi ija munaisiya kuno, chifukwa ndayamba kuimva m'bondo langa lamanzere.

Ine Malita, mwana wanu wachitatu, mwini digiri ija munaivinira mpaka duku kugwa, ndikulemba mwaulemu wonse kudzapereka dandaulo. Mlandu ndi uwu: kaleredwe kanu kandichititsa manyazi pamaso pa azungu oyendetsa agalu. Loweruka lililonse ine, nesi wamkulu wa pa wodi, ndimaima pakhomo pa kanjira koyendamo anthu opuma, kuyang'ana uku ndi uku, kutchera khutu, kudikira sitima imene inasiya kudutsa ndisanabadwe. Agogo ena afika pondifunsa ngati ndataya kiyi.

Umboni ubwera. Muyambe mwamva za pakhomo. Mng'ono wanga Enelesi wabereka mapasa ku Balaka, onse mphuno yanu, Mulungu awathandize. Kuno ku Bordesley Green, mu Birmingham ku Mangalande, kadimba kathu kobwereka katipatsa nkhwani wokwanira tchalitchi chonse, koma chimanga chinafika m'chiuno n'kutaya mtima. Sindikuchida, dzuwa lakuno limagwira ntchito ya patitaimu. Mkamwini wanu, a Kamanga, akadali ku fakitale ku Solihull. Amapanga magalimoto tsiku lonse n'kubwerera pa basi.

Tsopano za mnzanu wa dzina. Mwana wanga Esinala simunamuone. Anabadwa titangokuikani kumene, masiku ake asanakwane, ndipo timiyendo take tinakula touma. Madokotala ankalankhula mozungulira, kuiwala kuti chizungu chozungulira ndimachigwiritsa ntchito inenso. Ndinamva chimene ankabisa: mwina sadzayenda. Wafika zaka zinayi akukankha kachitsulo ka matayala, kuchoka pa sofa kukafika pa fuliji basi. Mayi wa fiziyo, amene amamuwongola miyendo, anati mwanayu akufunika njira yaitali, yosalala, yopanda magalimoto, ndipo akapanda kuyenda panopa minofu izolowera kukhala. Anatilozera njanji yakale kutsidya kwa tauni. Zitsulo anazula kalekale, anasalaza, mitengo inakumana pamwamba, pansi pa milatho ya njerwa pamadutsa anthu othamanga popanda wowathamangitsa. Sitima sikonda chitunda, ndiye njirayo ndi yoyalika ngati mphasa.

Koma njanji, Amayi. Kwa mwana wa Esinala wamkulu, amene anagulitsa nthochi pa mawindo a sitima pa Balaka zaka zonse zija! Mukukumbukira zimene munkanena tikamayandikira zitsulo? "Sitima sidziwa mwana wa munthu. Pa njanji, malo a mwana ndi kumsana." Munandibereka ndili sitandade wani, anzanga akuseka, miyendo yanga ikukugundani m'mawondo. Chifukwa chake ndinachimva ndili wamkulu, kwa azakhali: achimwene Yohane, woyamba wanu, amene anathamangira chipewa chake pa zitsulo zija. Inu dzina lake simunkalitchula. Munkangomanga mfundo ya chitenje kawiri.

Ndiye mverani zimene wophunzira wanu ankachita. Ndinkakwera mabasi awiri, mwana ndi kachitsulo kake. Ndikafika pakhomo pa njirayo, ndayang'ana, ndamvetsera, kenako mwana kumsana, mfundo kawiri, kachitsulo m'manja. Ndinkayenda mpaka kumapeto n'kubwerera, thukuta kamukamu, n'kukauza a Kamanga kuti lero tayenda bwino. Ndipo sindinkanama, mumtima mwanga tinkayendadi. Chilimwe chinatsala pang'ono kutha chonchi. Wa fiziyo anadabwa: mwana sakusintha, koma amayi ake akuphwa.

Loweruka lina a Kamanga anali pa ofu, anatiperekeza. Ataona ndikuwerama ndi chitenje anati, "Amake Esinala, kodi fiziyoyi analembera inu kapena mwana?" Lilime langa mukulidziwa, munalinola nokha. Ndinawafunsa kuti kwawo ku Kasungu, kumene sitima amaionera m'buku, anaikapo angati ogundidwa nayo. Ndinaganiza akwiya. Iwo anangotenga thumba langa, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono, n'kuima pakati pa njira, manja m'chiuno. "Ine ndiziyenda kumbuyo kuno," anatero. "Ikabwera, iyambira ine. Mutsitseni."

Mfundo ija ndinaimasula ndekha, Amayi. Zala zinkakana, koma ndinamasula.

Anagwira kachitsulo kake n'kuyamba. Pang'onopang'ono, phazi lamanja likukwekwereza, lilime panja ngati mmene munkachitira potunga singano. Tisanafike pa mlatho woyamba, kumbuyo kunalira belu. Ngiriri! Mutu wanga unadziwa kuti ndi njinga. Koma thupi langa linali pa Balaka, ndipo manja anali atanyamuka kale kukamutsomphola. Ndinawakulunga m'chitenje n'kuluma mlomo. Mdzukulu wanu anaima yekha. Anakhotetsa kachitsulo kake m'mbali, anayang'ana uku, anayang'ana uku, anapendeketsa mutu kumvetsera, ndendende inu. Anaziphunzira ali kumsana kwanga. Njinga itadutsa anandiyang'ana ngati ndine wodwala wake n'kunena, "Mummy, it's only a bike." Chichewa amamva chonse, koma kuyankha amayankha ngati mwana wa mfumukazi.

Kuyambira pamenepo sitiphonya. Ndipo sabata yathayi, mverani bwino, anaona mabulosi akuda m'tchire la m'mbali, n'kusiya kachitsulo. Anakasiya! Anayenda yekha, manja m'mwamba ngati wa ku pentekosite, kuchoka pa benchi mpaka pa chitsamba, n'kubwerera kukamwa kuli bii. A Kamanga anati m'maso mwawo mwalowa kachitsotso. Ine ndinaimba nthungululu pansi pa mlatho, inamveka kawiri, agalu onse a Birmingham n'kuyankha. Manyazi ndinalibe ngakhale pang'ono.

Mukamuona Yohane, mumuuze kuti mwana wa mlongo wake akuyenda pakati penipeni pa njanji, ndipo palibe chikumuthamangitsa. Ndikulonjeza kuti tikadzabwera adzafika pamanda panu ndi mapazi ake. Koma podutsa zitsulo za pa Balaka adzakhala kumsana, mfundo kawiri. Njanji ija ndi yamoyo, sindinapenge.

Ndimakukondani, ngakhale muli wozengedwa mlandu.

Ine wanu wodandaula,
Malita

Ndinaiwala chigamulo. Poona kuti msana wanga wanyamula mwana ndi chitsulo chilimwe chathunthu pa lamulo lanu, khoti lagamula kuti mulipe msana watsopano umodzi, mkoko wa nthochi za pa siteshoni, ndi mbuzi yaikazi yokhala ndi viza yake kale. Mbuziyo ibwere wapansi. Njira ilipo, ndi yosalala, ndipo mdzukulu wanu akaichingamira yekha.