Manda a mwana wa a Zuze

Achimwene,

Landirani moni wochokera kuno ku Mzuzu. Tonse tili bwino, ndipo chifuwa cha amayi chachepa ngakhale kukuzizira chomene.

Mukuwakumbuka a Zuze, aja anathawa ntchito yokakamiza kwa Apwitikizi? Apolisi anabwera kwathu kuno ku Masasa kudzawatenga, akuti alibe chitupa, abwerere kwawo. Ife azimayi a kutchalitchi tinapita kwa a DC. Ndinawauza kuti, "Bwana, mwana wa a Zuze tinamuika m'manda athu. Munthu woika maliro pano si mlendonso." Awamasula, koma kwa kanthawi chabe.

Chonde, ku Zomba komweko kaonaneni ndi aphungu athu. Tikufuna lamulo loteteza othawa kwawo, osati chisoni cha a DC. Aphunguwo akakana, abwere adzafukule okha mwanayo.

Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Nabanda