Mtovu m'Magazi a Mwiza

Kasenengwa,
Chipata.

Okondedwa akulu anga a Sesiliya,

Landirani moni wanga m'dzina la Ambuye. Muli bwanji kumeneko ku Ndola? Alamu a Israel ali bwanji, mwendo uja unasiya kutupa? Nanga Thokozani mayeso anamuyendera? Ife kuno kudzuka tikudzuka, koma ndikati tili bwino ndikhala ndakunamizani.

Mudabwa kuona kalata pomwe foni ilipo. Pa foni ndimangoyamba kulira, komanso bambo a Mwiza amakhala ali pafupi akumvetsera. Ndiye ndati ndilembe, ndipatse Shepherd, kondakitala wa basi uja, akupatsireni pamanja. Muwerenge mutakhala pansi.

Nkhani ndi ya Mwiza. Mukukumbukira momwe munamusiyira pa Khirisimasi ija, kamtsikana kolongolola kosapatsa munthu mpata. Lero mukamuitana amakuyang'anani ngati mlendo. Zinayamba ndi m'mimba. Ankagwira pamchombo n'kumagubuduzika pamphasa, kuchimbudzi osapita, zakudya osafuna. Ku kiliniki anati ndi njoka za m'mimba, anatipatsa mankhwala. Kenako anati magazi ndi ochepa. Kenako mwana anayamba kukwiya zopanda chifukwa, kuluma anzake, ndipo mawu amene ankawadziwa anayamba kumuthawa. Tsiku lina ndikusenda mtedza pakhonde anangogwa n'kuyamba kuphupha, thovu kukamwa.

Apa mpomwe akulowera Harrison, mkulu wawo wa bambo a Mwiza. Mundikhululukire, dzina lakelo sindiliikiranso ulemu.

Mukudziwa kuti atabwerako ku Lusaka anabwera ndi ntchito yosungunula zitsulo. Amagula mabatire akutha a galimoto ndi zidutswa za injini kwa oyendetsa mathiraki a pa malire a Mwami. Mabatirewo amawaswa ndi nkhwangwa, madzi ake n'kukhuthulira pansi, za m'katizo n'kusungunula. Zitsulo zinazo amaumbira mapoto ogulitsa kumsika ku Chipata. Ng'anjo yake sanaimange pakhomo pake. Anaimanga kuseri kwa nyumba yathu, akuti kuno n'kufupi ndi msewu. Bambo a Mwiza anavomera, pajatu ndi mkulu wawo. Ine anandipatsa mapoto aulere, ndinachita kuwomba m'manja pothokoza.

Phulusa ankalitaya pafupi ndi dimba langa. Linali lotuwa, losalala, ndipo ana ankalikonda. Mwiza ankaphikira masanje mmenemo tsiku lonse.

Mwana atayamba kugwa, Harrison ndiye anali woyamba kutsegula pakamwa. Anauza apongozi anga ndi mudzi wonse kuti ndi khunyu, ndipo yachokera kwathu. Akuti amayi athu, amene akugona kumanda osalakwira munthu, anali ndi nthenda yomweyo koma tinkabisa. Akulu anga, ine ndinayenda mutu uli pansi. Pachitsime amayi anzanga ankakoka ana awo Mwiza akayandikira. Apongozi anafika ponena kuti mwana wawo anakwatira matenda.

Mwezi wa Juni kunabwera anthu a zaumoyo pamodzi ndi ena ochokera ku yunivesite ku Lusaka. Ankayenda m'midzi ndi m'misika kuyeza dothi, madzi, utoto, mafuta odzola ndi ziwiya zophikira. Amene ankatsogolera anali mayi wina wamfupi, a Lettie. Anali ndi kamakina kogwira pamanja kooneka ngati mfuti. Akakagunditsa pa chinthu, kamalira pang'ono n'kuonetsa manambala.

Anayamba pabwalo la tchalitchi, anati palibe vuto. Anayeza pakhomo pa aneba, anangogwedeza mutu n'kupitirira. Atafika kuseri kwathu n'kugunditsa pansi pomwe Mwiza amasewera, anayang'anitsitsa manambala aja. Anayezanso. Anaitana mnzawo kuti adzaone. Kenako anandifunsa motsitsa mawu ngati pali mwana amene amasewera pamenepo. Ndinawalozera Mwiza, ali pakhonde akungoyang'ana khoma.

Anatapa dothi m'timapepala ta pulasitiki, madzi a m'dimba m'timabotolo, anathyola ndi masamba a repu. Anandipempha poto amene ndimaphikira phala la mwana. Kamakina kaja atakagunditsa m'kati mwa poto, anandiuza kuti ndisadzaphikiremonso ngakhale madzi osamba. Potoyo anamutenga kuti akamuyeze bwino ku labu kwawo, akuti akawiritsiramo madzi owawasa kuti aone kuchuluka kwa poizoni amene amalowa m'chakudya. Mwiza anamubaya pachala n'kutenga kadontho ka magazi.

Dzina la chinthucho akuti ndi mtovu. Ndi chitsulo cholemera cha m'mabatire chija. Sichinunkha, sichimveka kukamwa, koma chikalowa mwa mwana chimakakhala m'magazi, m'mafupa ndi mu ubongo. Zotsatira zitabwera, adokotala a ku Chipata anatiitana. Anati mtovu wa m'magazi a Mwiza ndi wochuluka moti n'zodabwitsa kuti mwanayo akuyenda. Anamugoneka m'chipatala n'kumupatsa mankhwala okokera poizoniyo kunja. Kuphupha kunasiya, m'mimba munapola. Ndinawafunsa ngati nzeru zake zidzabwerere. Sanandiyang'ane kumaso. Anati zina zimabwerera, zina ayi.

Mpaka pamenepo ndinali ndi chisoni chokha. Ndinkati mwina munthuyu sankadziwa. Umphawi umatichititsa zambiri.

Koma ndili m'chipatala muja maganizo anayamba kundiyenda. Ndinakumbukira kuti ng'anjo itangoyaka, Harrison anatumiza ana ake onse, Yamikani ndi abale ake, kwa apongozi ake ku Mwami, akuti sukulu ya kumeneko ndi yabwino. Ndinakumbukiranso kuti m'khitchini mwa Dolika, mkazi wake, ndinali ndisanaonemo poto ngakhale mmodzi wa mwamuna wake. Onse ndi a m'sitolo. Munthu woumba mapoto, mkazi wake n'kumakagula a m'sitolo!

Titatuluka m'chipatala apongozi anaitanitsa banja lonse kuti nkhani ithere panyumba. Anabwera amalume awo a bambo a Mwiza, azilongo awo, ndi akatekisiti athu. Anakhala pansi pa mtengo wa mango. Harrison anavala jekete. Analankhula mokoma kwambiri. Akuti iye ndi munthu wosaphunzira, za mtovu wazimvera kwa anthu a ku Lusakawa ngati tonsefe. Akuti Mwiza ndi mwana wakenso. Akuti apereka mbuzi kuti mitima ikhale pansi, ndipo nkhaniyi isapite kwa akunja chifukwa ingamuphere bizinesi imene ikudyetsa banja lonse. Akuluakulu anavomereza. Bambo a Mwiza ankangojambula pansi ndi kamtengo.

Ine ndinali nditakonzeka. M'mawa mwake ndinapha tambala wanga wofiira uja, n'kumuphika ndi matimati ambiri, popeza a Lettie anandiuza kuti zowawasa ndizo zimakoka mtovu kwambiri. Ndinaphikira mu poto wamkulu amene Harrison anandipatsa ndi manja ake. Ana onse ndinawathamangitsira kwa aneba. Akuluakulu atatha kulankhula ndinabwera ndi potoyo osapakulira m'mbale, ndinagwada n'kumuika pamaso pa Harrison, pamodzi ndi madzi osamba m'manja.

Ndinati, "Alamu, mwalankhula bwino. Mbuzi yanu ndalandira. Nanenso nayi nkhuku yanga, kuti anthu aone kuti tagwirizana. Idyani."

Anayang'ana poto uja, anandiyang'ana ine. Anati wadya kale. Ndinati ngakhale kachiwindi kokha. Anati m'mimba simuli bwino. Amalume anamuuza kuti si ulemu kukana chakudya cha chiyanjano, alawe basi. Akatekisiti nawo anati kudya kamodzi sikungaphe munthu wamkulu. Thukuta linayamba kutsika m'khosi mwake. Anasamba m'manja pang'onopang'ono, anatambasula dzanja.

Ndipo Dolika anakuwa. Anati, "Musadye, bambo a Yamikani! Si munanena nokha kuti bwana wanu wa ku Lusaka uja anakuuzani kuti mapotowa ndi ogulitsa, si odyera?"

Dolika anagwira pakamwa koma mawu anali atatuluka. Apongozi anavula duku n'kuphimba kumaso. Bambo a Mwiza anaimirira, ndinaganiza kuti amumenya, koma anangozungulira kuseri kwa nyumba n'kukakhala pa chitsa. Ine ndinanyamula poto wanga, nkhuku yonse ndinakaikwirira m'dzenje lakuya kuti ngakhale galu asaifukule. Mbuziyo ndinaimasula n'kuithamangitsira kwawo.

Ankadziwa. Ankadziwa pomwe ankamanga ng'anjo kuseri kwanga. Ankadziwa pomwe ankaona mwana wanga ali mbuu ndi phulusa mpaka m'tsitsi, n'kumamuseka kuti kamzukwa. Ankadziwa pomwe ankanyoza amayi athu.

A zaumoyo anabwera n'kutseka ng'anjo ija. Dothi la pamwamba kuseri kwathu analipala n'kuthirapo lina, dimba anandiletsa kulima. Koma munthuyo sanamangidwe. Ndamva kuti wamanga ng'anjo ina m'tchire cha ku Mwami, ndipo mapoto akufikabe mumsika.

Ndiye tsopano ndili ndi ntchito yatsopano. Loweruka lililonse ndimakwera minibasi ndi Mwiza kupita ku Chipata. Ndimayala chitenje pafupi ndi pomwe Harrison amagulitsira, n'kukhala. Sinditukwana, sindikuwa. Mayi aliyense amene wanyamula poto kuti amuone, ndimamupatsa moni n'kumuuza kuti ayang'ane mwana wangayu, analeredwa ndi phala la m'mapoto amenewo. Potoyo amamubweza pansi ngati wawotcha. Harrison anasamukira kumbali ya ogulitsa makala, ndinamutsatira. Anayamba kutuma mlamu wake kuti azimugulitsira, ndinakhala pafupi ndi mlamu wakeyo. Tsiku lina anabwera yekha n'kundinong'oneza kuti ndikufuna chiyani kuti ndimusiye. Ndinamuuza kuti afunse Mwiza, akayankha chiganizo chathunthu ndimusiya.

Bambo a Mwiza akuti ndikuchititsa banja manyazi. Akuti magazi ndi magazi, mkulu wawo sangamutengere kukhoti. Ndinawafunsa kuti nanga a Mwiza si magazi? Masiku ano timadya osalankhulana.

Abambo mfumu a ku parishi anandiitana. Anandilankhula mofatsa za kukhululuka, ndipo ndikudziwa kuti akunena zoona. Ndinawauza kuti sindingawanamize iwo kapena Mulungu. Ku Misa ndimapita, koma nthawi ya Ukalistia ndimakhala pa benchi, anzanga n'kumandilambalala. Zimandiwawa. Koma sindingalandire Ambuye ndi mtima umene ukufuna kuona munthu atavala zakundende, akusweka manja ndi khasu la boma. Ndikufuna dzina lake linunkhe kuyambira Kasenengwa mpaka pa Mwami, asadzagulitsenso ngakhale supuni. Ndikufuna adzaimirire pa manda a amayi athu n'kunena pamaso pa anthu kuti anawanamizira.

Tsono ndili ndi zokupemphani.

Poto uja ndinakupatsani popita ku Ndola ndi wa Harrison. Musaphikiremonso kuyambira lero, ndipo Thokozani mupite naye akamuyeze magazi. Koma potoyo musamutaye. Mumukulunge bwino mupatse Shepherd. A Lettie akuti akapeza mapoto ake ochokera m'nyumba zosiyanasiyana n'kuwayeza onse, umboni umalimba, ndipo iwo ali okonzeka kukafotokoza zimene anapeza kulikonse kumene angaitanidwe. Alamu a Israel andifunsireko kwa anzawo a kutchalitchi za maloya aja amathandiza anthu osauka. Ine njira za kukhoti sindizidziwa, koma ndiphunzira.

Chachikulu ndi ichi. Adokotala akuti Mwiza achoke pamalo pano kwa kanthawi, chifukwa fumbi likadali m'makoma ndi m'denga. Akufunika mazira, mkaka, ndiwo zamasamba, ndi munthu womulankhulitsa tsiku lonse ngakhale asamayankhe. Mutengeni, akulu anga. Savuta kwambiri. Akakwiya mungomugwira manja n'kumuyang'ana m'maso, amaleka. Amaopa phokoso la njinga zamoto. Sindinasiyanepo naye chibadwire, ndipo sindikudziwa kuti ndidzatsika bwanji m'basi ndili ndekha. Koma kumsika kuja dzuwa limamuwotcha, anthu amamuloza, ndipo si chilungamo kuti mwana wodwala akhale chikwangwani changa. Wavutika mokwanira.

Mukamulandira, msana wanga udzapepuka ndipo manja anga onse awiri adzakhala omasuka. Pamenepo Harrison adzandidziwa bwino.

Mundiperekere moni kwa alamu a Israel, kwa Thokozani, ndi kwa azakhali a Zelipa mukapita ku Luanshya. Azakhaliwo muwauze kuti dzina la mchemwali wawo, amayi athu, layera, kwathu kulibe khunyu. Ambuye akusungeni, akudalitseni pa zonse mudzachitire mwana wanga. Mundipempherere, koma musapemphe kuti mtima wanga ufewe msanga.

Ndine mng'ono wanu,
Rosina, amake Mwiza.