Mpando wa mkamwini

8 Okutobala 1994
Ku Mongue, kuphunzitsa anthu za chisankho. Tayala la njinga laphwanso panjira. Ambiri ndi obwera kuchokera kumisasa ya othawa nkhondo ku Malawi. Kumeneko anazolowera Pulezidenti yekha, ndiye funso: nanga Primeiro-Ministro, nduna yaikuluyo, ndi yachiyani? Ndinayamba monga anatiphunzitsira ku koleji ku Quelimane, kuti mayiko ena mphamvu amagawana anthu awiri. Palibe anamva. Ndiye ndinati Pulezidenti ali ngati mwinimbumba, nduna yaikulu ngati mkamwini. Wina mwini mawu, wina wogwira ntchito pakhomo. Anaomba m'manja. Alamu anga a Jordão kuposa onse.

15 Okutobala
Mlongo wanga Cremilda wabwera ndi chinangwa. Akuti alamu ayamba kuumba njerwa pabwinja la mayi. Ana, Ivone ndi Zeca, akadali ku Muloza, ku Malawi, kwa anzawo akumsasa. Ndafunsa chawalimbitsa mtima. "Si inu nomwe, achimwene? Mkamwini amachokera mudzi wina. Woluza adzapatsidwa mpando wachiwiriwo, nkhondo osabwereranso."

Sindinanene zimenezo. Ndawerenganso malamulo aakulu a dziko. Kwathu kuno mutu wa boma ndi Pulezidenti. Nduna yaikulu amaisankha yekha, kuichotsanso yekha. Ntchito yake kumuthandiza ndi kumulangiza. Za woluza mulibemo. Ndamufotokozera Cremilda. Waseka, wati aphunzitsi timada nkhawa ndi mvula ya chaka chamawa.

27 Okutobala
Kuvota kwayamba. Wailesi ikuti chipani chotsutsa chatuluka m'chisankho. Anthu ali pamzerebe. Mayi wina wandiuza kuti ndisavutike, mkamwini amanyanyala asanazolowere pamudzi. Nkhaniyi yafika mpaka ku Molumbo, ndipo akuti ananena ndi profesoro Venâncio. Dzina langa.

20 Novembala
Zotsatira. Chipani chija chinabwereramo m'chisankho, koma munthu wake, amene ambiri kuno anamuvotera, waluza. Mumsika muli zii. Alamu aotcha njerwa, akudikira kuti munthu wawo apatsidwe mpando. Ndapita kukawauzanso, buku la malamulo m'manja. Ati pepala ndi pepala, mwambo ndi mwambo. Mitambo paphiri la Tumbine, mvula ayi.

17 Disembala
Nduna yaikulu yatchulidwa. Yachipani chomwecho cha Pulezidenti. Malamulo amalola. Palibe cholakwika. Ndikulemba kuti ndidzikumbutse ndekha.

19 Disembala
Alamu afika kusukulu thukuta lili kamukamu, mpando aukana. "Munthu kulowa chikamwini kwa mlongo wake? Alamu, pamenepa mfuti ziliranso." Akufuna kubwerera kutsidya kwa mtsinje wa Ruo, iwo ndi Cremilda, ana asabwere n'komwe. Koma misasa ikutsekedwa, chimanga chathandizo kulibenso. Akadya chiyani kumeneko? Ana aphunzira kuti?

Ndinafuna kuwauza kuti nkhondo sibwera. Sindikudziwa. Ku koleji zimenezo sanatiphunzitse.

22 Disembala
Mvula yagwa, mochedwa. Ku Mongue njinga ndachita kukankha, matope. Ndapeza Cremilda akubzala chimanga yekha, alamu atakhala pamtolo wa katundu womangamanga. Wati munda ndi wa mayi ake, wofuna kuwoloka awoloke. Kenako wandiyang'ana ine, khasu lili m'manja. "Anawo ndi mbumba yanu, achimwene. Abwere kapena akhale komweko? Nenani inu, mwini mawu."

Alamu sanatsutse. Mwambo ndi mwambo, anatero okha mwezi watha.

Ine amene ndimabwerera panjira kukaona ngati ndakhoma chitseko.

23 Disembala
Ndapopa matayala, mawa ndikatenga ana ku Muloza. Pakaliyala ndamangapo bulangete, Zeca ngwamng'ono. Ivone aziyenda pambali, akatopa tizisinthana. Paboda amatsegula m'mawa. Mapepala awo ndawaona, ndawaonanso.

Pulezidenti zikamuvuta ali ndi nduna yoichotsa. Ine ndikalakwa apa, ndichotsa yani?