Marozi a Kuseri kwa Shedi

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi amayi. Ine kuno ku Daveyton thupi lili bwino, koma mtima uli m'mwamba.

Kuntchito kogulitsa mbande kuja, abwana aika katundu wathu pa zatsopanozi, za intaneti. Akuti wodziwa kompyuta ndiye atsale, enafe ntchito itha. Anandionetsa kamodzi kokha, n'kundiuza kuti ndisanje katunduyo pamapeji. Pali mapeji aakulu, pansi pa lililonse pali aang'ono, ndipo mayina ake amakhala pamndandanda kumanzere kuti kasitomala azidina mpaka apeze chimene akufuna.

Ine ndinasanja monga timasanjira pabwalo. Mapeji aakulu ndinawatcha Pageti, Pampopi ndi Kuseri kwa Shedi. Maluwa a marozi ndinawaika pansi pa Kuseri kwa Shedi, poti ndi komwe amakhaladi.

Lolemba mayi wina wa ku Benoni anaimba foni, akuti wafufuza marozi mpaka kutopa. Abwana anandiitana. "Iwe, munthu ali kunyumba kwake, shedi yathu aidziwa bwanji?" Andipatsa mpaka Lachisanu kuti mitu ikhale Maluwa, Zipatso ndi Mitengo, komanso peji laling'ono lililonse likhale ndi pobwererera ku lalikulu lake. Ndamaliza Maluwa okha. Mandimu sindikudziwa ngati apite ku Zipatso kapena ku Mitengo, ndipo kufunsa ndikuopa.

Chonde auzeni amake Tadala asakwere kaye basi yobwera kuno ndi mwanayo mpaka nditalembanso. Akafunsa, ingonenani kuti kuno kukuzizira.

Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mng'ono wanu,
Wyson