Mwala wa Netiweki

Mudzi wa Nakhonyo,
Thuchila,
Mulanje.
14 Julayi 2024

Okondedwa achimwene a Isake,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno kukuzizira, chiperoni sichikukata, ndipo nandolo wayamba maluwa. Mudabwa kulandira kalata kuchokera kwa munthu amene mumalankhula naye Lamulungu lililonse. Vuto ndi loti pafoni paja pakamwa panga pamangotuluka zoti tonse tili bwino. Kalatayi ndapatsira a Kingstone oyendetsa thiraki aja, akunyamuka mawa.

Amayi sali bwino. Anagwa mu Meyi akuchokera kudimba, ndipo kuchipatala ku Boma anati ndi sitiroko. Mwendo ndi mkono wakumanja sizikugwira. Kulankhula akulankhula, koma movutikira, ndipo masiku ano ngakhale phala akumalibweza. Zija ndimakuuzani kuti apita kumaliro kapena kumsonkhano wa amayi, anandilamula ndi iwo kuti musasokonezeke pantchito. Lero ndaswa lamulo lawo.

Mukudziwa kuti kwathu kuno foni imagwira pamwamba pa mwala uja wa kuseri kwa manda basi. Chichokereni inu mpaka tsiku limene anagwa, amayi sanaphonyepo Lamulungu. Akaweruka kutchalitchi ankakwera osavula n'komwe zovala zopempherera, n'kukhala pansi, foni ili pamiyendo, kudikira inu. Pano sangakwerenso, ndipo chimene akufuna n'chimodzi chokha, kumva mawu anu.

Pali nkhani ina imene simukuidziwa. Chaka chatha kunabwera galimoto ya boma ndi anthu atatu ochokera ku ofesi yoyang'anira za mafoni m'dziko muno. Anati akuyendera midzi yopanda netiweki kuti akalamule makampani kumangako nsanja. Anaima pabwalo la sukulu ndi kamakina kawo koyezera, wamkulu wawo akuzunguza foni m'mwamba, nkhope itakwinyika. Amayi anamva chisoni. Mukuwadziwa amayi pa nkhani ya alendo, salola munthu kubwerera asanapeze chimene wadzera. Anawayandikira n'kugwada, amvekere, "Alendo musavutike chonchi ife eni mudzi tilipo. Tiyeni tikakuonetseni pomwe imagwira bwino."

Mudzi wonse unaperekeza. Ena ananyamula mipando, ine ndinasenza beseni la nthochi. Pamwalapo kamakina kaja kanadzaza timizere tonse. Bwanayo anaimbira akazi ake ku Lilongwe, analemba zolemba zake, ife n'kuomba m'manja. Amayi ananyadira mwezi wonse kuti mudzi wathu sunachite manyazi pamaso pa boma.

Nsanja inamangidwadi, koma kutali, kumidzi ina, ndipo netiweki yake kwathu sifikako.

Amayi atagwa ndinakafunsa ku Boma, ndipo anandipatsa nambala yaulere yoperekera madandaulo. Ndinakwera pamwala n'kuimba. Anayankha mayi wina waulemu wake, dzina lake Ireen. Atafufuza anati, "Mayi, mudzi wanuwo unalembedwa kuti netiweki ilipo, yamphamvunso." Ndinamufotokozera za mwala, za mipando, za nthochi zomwe. Iye anati, "Ndamva, pepani kwambiri. Ndilemba dandaulo lanu, koma oyeza adzafikanso dera lanulo chaka cha mawa." Ndinkayesa ndikwiya kapena ndilira, koma mumtima munangoti zii. Ndinamuthokoza n'kutsika kukawasinthira amayi zofunda.

Iwo sindinawauze chimene chinalakwika, ndipo mudzi wonse wagwirizana zosawauza. Tsiku lina ndikuwasambitsa anati, "Leah, alendo aja mwina sitinawalandire bwino. Tikanawaphera nkhuku." Ndinangoti mwina, n'kupitiriza kuwatsuka kumsana. Amagona foni ili pachifuwa, ati poti aboma ananena okha kuti kwathu kuno netiweki ilipo, tsiku lina ilowa m'nyumba.

Lamulungu lapitali anakakamira kuti tiwakweze. Amalume a Bonface anakana, koma amayi anatembenukira kukhoma n'kukana kudya mpaka amalume anagonja. Tinawamangirira pampando ndi zitenje, azibambo a kutchalitchi n'kuwanyamula. Mwala unali woterera, koma tinafika. Ndinawafunditsa bulangete n'kuwagwirira ambulera, foni ili m'dzanja lawo lamanzere. Sindinakuuzeni kuti akwera chifukwa ankafuna kukudzidzimutsani. Simunaimbe. Ndinayesa kuimba ine, foni yanu inali yothima. Tinadikira mpaka azibambo aja anayamba kunjenjemera ndi kuzizira, ndipo amayi anati, "Tiyeni, mwana watanganidwa." Uthenga wanu woti munagwira ovataimu ndinauona Lachiwiri. Sindikukudzudzulani, achimwene, simukanadziwa.

Chitsikireni pamwalapo akukhosomola, ndipo sanadzukenso pamphasa. Adokotala a pachipatala chaching'ono anatipatsa mankhwala, koma poperekapo anandiyang'ana mwa mtundu wina. Amalume ayamba kale kuuza abale a ku Chonde kuti azibwera kudzawaona. Lero masana mwaimba ndili ndekha pamwala, ndipo ndakuuzani kuti amayi apita kukazonda odwala. Munaseka n'kunena kuti gogo ameneyu satopa. Inenso ndinaseka nawo.

Ine masiku ano sindikumva kanthu. Ndimadzuka, kuwatembenuza, kuchapa, kuphika, kugona. Anthu akuti ndine wolimba mtima, koma si kulimba, mtimawo wangochita dzanzi.

Pempho langa ndi ili. Musatumize foni ina, ija munatumiza ndi yabwinobwino. Musatumizenso mankhwala kapena mabulangete. Nsanja ya boma ikhoza kudzabwera chaka cha mawa, ndipo ikadzabwera idzathandiza ena. Pemphani tchuthi kwa abwana anu, mukwere basi. Sindikudziwa kuti kalatayi ikupezani liti, komanso sindikudziwa kuti kuno zinthu zidzakhala zili bwanji nthawi imeneyo.

Amalume akupereka moni. Ana anga akupereka moni kwa anzawo, ati aphunzire Chichewa. Mundiperekere moni kwa alamu. Amayi ndawafunsa ngati ali ndi mawu oti ndikuuzeni ndikadzalankhula nanu. Ati ndikuuzeni kuti ali bwino, muzivala zotentha, ndipo Lamulungu likubwerali akakhala pamwala kukudikirani. Ndalemba monga anenera.

Musaimbe, achimwene. Bwerani.

Ndine mlongo wanu,
Leah