Bokosi la Maliro Pamsika

Lachinayi madzulo. Mtima sukukhazikika.

Ndine ndinaumirira kuti Asiyatu, mtsikana wa Fomu 2 wokhala m'malayini a kuesiteti ya tiyi, atsogolere gulu lathu la zisudzo, ngakhale anyamata a Fomu 4 ankanyinyirika. Lero watuma anzake kukatenga bokosi la maliro la m'sewero lathu kwa kalipentala, ndipo adutsa nalo pamsika wa Chitakale dzuwa likuswa mtengo. Amayi ena mpaka ayamba kulira. Makolo abwera kusukulu, akuti tikuitanira ana awo imfa.

Ahedi akufuna kumuchotsa pa utsogoleri mawa, pamaso pa sukulu yonse.

Poweruka wandifunsa, "Aphunzitsi, mundiyankhulira, eti?" Ndavomera ndi mutu. Koma ndimadzidziwa ine. Ahedi akangokweza mawu, ndimayang'ana nsapato zanga, kenako...