Utsi wa Achimwene

14 Seputembala

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ndipo mungalekerenji kukhala bwino, anthu opuma mpweya wabwino ngati inu? Kuno tadzuka, poti kudzuka n'kutsegula maso basi.

Katundu munatumiza uja anafika: mapaketi a shuga ndi timasiki tija tokhala ndi chizindikiro cha kampani yanu pamphuno. Zikomo kwambiri, a bwana kapitawo. Amayi anavala kamodzi n'kuvula pompo, ati kakuwatsamwitsa. Munthu akusaka mpweya ndi kukamwa komwe, inu n'kumutumizira chotseka pakamwa! Nzeru zimenezi munakaziphunzira kuti? Shugayo ndaika pamwamba pa kabati, sindinamukhudze.

Kalata yanu ndawerenga. Mukuti utsi wa nzimbe zomwe mumatentha musanadule umakwera kumwamba n'kubalalika, sungafike kutali kuno. Mukutinso kampani ili ndi makina oyezera mpweya, ndipo makinawo akuti zonse zili bwinobwino. Makinawo ali pati, achimwene? Si aja munandionetsa pa foni, ali pakapinga pafupi ndi nyumba za mabwana, pomwe utsi sudutsapo n'komwe? Koma ndiye mwayeza, akuluakulu! Tabwerani nawo makina anuwo mudzawakoleke pachingwe changa choyanikira zovala, timve adzanena chiyani.

Poti mwina mwaiwala kuno, ndikuuzeni. Inu mukayatsa masana, ife timalandira chakumadzulo. Dzuwa limafiira, loti n'kuliyang'ana osaphethira. Kenako kumagwa phulusa lakuda, timasamba topsa tathunthu, kutera pamutu, m'ndowa, m'mbale za ana. M'mawa utsiwo sukwera ayi, umangogona m'misewu, munthu osaona nyumba ya patsidya. Ntchito yanga mukuidziwa, ndimachapa ndi kusita nsalu za pabedi za ku nyumba yogona alendo. Ndikayanika panja, pokaanula ndimapeza mathothomathotho akuda, ndipo ukati usase ndiye wapaka. Tsopano ndimayanika m'nyumba. Zingwe zachoka pazenera mpaka pachitseko, ndikuyenda chowerama m'nyumba mwanga momwe. M'mphepete mwa mazenera ndatsekamo nsanza zonyowa. Koma za nsaluzo zisakuvuteni, nsalu zimachapikanso.

Nkhani ndi amayi. Mphumu yawo ija yakula. Sagonanso pabedi, amagona chokhala pampando, mutu atatsamiritsa papilo patebulo langa lositira. Akamapuma pachifuwa pamalira ngati ketulo. Kuchoka pampandopo kupita kubafa amaima panjira, dzanja lili pakhoma. Sabata yatha milomo inada bii, ndinawabereka kumsana mpaka pamsewu, ine amene munkanditi kamunthu kopanda mphamvu. Mwamwayi makaniko woyandikana nafe uja anali asanatseke, anatinyamula pagalimoto ya kasitomala wake mpaka kuchipatala. Pamabenchi panali podzaza makanda ndi okalamba, onse chifuwa chimodzimodzi.

Adokotala sanazungulire. Anati, "Mankhwala opopera mkamwa ndikupatsani, koma sangalimbane ndi mpweya umene akupumawu. Achotseni mu utsimu mpaka mvula igwe, apo ayi tsiku lina mudzafika nawo mochedwa. Mulibe wachibale kwina?"

Ndinati ndili naye. Anafunsa kuti amagwira ntchito yanji. Ndinayang'ana pansi, achimwene, ndinachita manyazi ngati ndine ndaba.

Paja pa ukwati wa msuweni wathu mutamwa pang'ono munkadzitama pamaso pa anzanu. Ine ndinali kumbuyo kwanu ndikutolera mbale, ndipo ndinamva zonse. Munati, "Ine sindiyatsa chisawawa. Ndimayamba ndayang'ana kansalu kapamtengo koonetsa kolowera mphepo kaja. Mphepo ikamalowera ku nyumba za mabwana, machesi m'thumba. Ikangotembenuka, moto!" Anzanuwo anaseka n'kukuomberani m'manja. Ndiye ndikufunseni, a katswiri a mphepo: ikatembenuka imalowera kuti? Kodi simunakulire kuno inu? Mumaimirira padzuwa ndi chipewa chanu chija kudikira kuti agalu a bwana asayetsemule, kenako n'kutumiza utsi wonse kwa amene anakuyamwitsani. Asa! Ndipo mumapita kunyumba n'kukadya mpaka kukhuta.

Sindikunena kuti siyani ntchito. Ndikudziwa mudzati mukasiya inu adzayatsa wina, ndipo n'zoona, anthu a mtima ngati wanuwo sasowa. Pempho langa ndi limodzi lokha. Nyumba ya kampani mukukhalayo ili mbali yomweyo ya mabwana, komwe inu nomwe mumakulondera kuti utsi usafike. M'menemo muli chipinda chosagona munthu. Bwerani mudzawatenge amayi akakhale kumeneko mpaka mvula. Zovala ndalongedza kale m'chikwama, mankhwala ndaika pamwamba.

Ndinayamba ndaimbira alamu, poti ndikudziwa amene amalamula m'nyumbamo. Anandiyankha mwaulemu wawo uja wotsekemera pakamwa pokha, ati chipindacho n'cha alendo, komanso chifuwa cha amayi chingapatsire ana. Muwauze alamu kuti mphumu sapatsirana, akafunse aliyense amene anafikako kusukulu. Muwafunsenso kuti mlendo wake ndi uti amene akudikiridwa chaka ndi chaka, woposa mayi wa mwini nyumba. Ngati akuopera mipando yawo yokutidwa mapulasitiki ija, asade nkhawa. Amayi sakhala pampando wa munthu asanauzidwe, ndipo mpweya woti n'kuchezera alamu alibe.

Pali china choti mudziwe musanafike, ngati mufike. Amayi sadziwa ntchito yanu yeniyeni. Aliyense wobwera kudzawaona amamuuza kuti, "Mwana wanga ali mu ofesi ku kampani ya shuga, amavala taye." Ine sindinawauze, ndipo musaganize kuti ndikukutetezani inu. Ndikuopa kuti mtima wawo sungasenze ziwiri. Utsi ukayamba kulowa, amayang'ana kuzenera n'kunena kuti, "Koma wotentha ameneyu, ali nawo amayi ake?" Ine ndimangoweramira pansalu n'kumasita.

Mundiperekere moni kwa ana, muwauze kuti azakhali awo amawakonda, iwowo alibe mlandu. Kwa alamu perekani moni wolingana ndi umene anatipatsa. Makaniko akuti moni, akutinso ngati vuto ndi galimoto, iye akhoza kuwabweretsa amayi mpaka pageti panu, bola mudzatsegule.

Amayi ndawauza kuti ndikukulemberani. Nkhope yawo inawala, anadzutsa mutu papilo n'kuyamba kuti, "Umuuze mwana wanga kuti..." Pomwepo chifuwa chinawagwira. Ndaika cholembera pansi, ndawasisita pamsana, ndawapopera mankhwala, ndadikira. Atapezako mpweya anayesanso, koma panangotuluka kamluzu, ndiye anangokweza dzanja n'kulibwezera patebulo. Mawuwo sanawamalize, ndipo ine sindiwapekera. Ngati mukufuna kudziwa chimene amayi anu amati akuuzeni, bwerani mudzamve nokha akadali ndi mpweya wonenera.

Ndine mlongo wanu,
wa kuno kolowera mphepo.